Servo ikunjenjemera kapena siyikufika pomwe mwaiuza: muyezere mu Wokwi, Tinkercad, SimulIDE kapena Proteus?

Anthu ambiri amene angoyamba kusewera ndi Arduino (kabolodi kamene mumakalembera code) ndi servo (kamota kamene kamazungulira nkuima pa madigiri amene mwakauza) amakakamira pamalo amodzimodzi, code alemba bwinobwino, mu simulator (pulogalamu yoyesera circuit pa kompyuta) servo ikuzungulira bho, koma akalumikiza yeniyeni ikungonjenjemera ngati yagwidwa malungo, kapena ikulira osafika pa madigiri 180. Ena zimawachitikira mozondoka, mu simulator servo yaima pamalo olakwika iwo nkuyamba kuphwasula code yomwe inalibe vuto ngakhale pang'ono. Nde tiyeni tikambirane kuti chida chiti chimakuuzani chani, poti ma simulator amenewa safanana ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe imakuuzani zonse.

Poyamba timvane kaye za zomwe servo imamva. Kaservo kotchipa kamene ambiri tili nako, SG90 ka magalamu 9 kaja, kali ndi mawaya atatu, wabulawuni ndi GND (negative), wofiira ndi 5V, wa orenji ndi wa signal. Pa waya wa orenji uja sipadutsa mawu oti "pita pa madigiri 90" ayi, pamangodutsa pulse, kutanthauza kuti pini imakwera pa 5V kwa kanthawi kochepa kenako nkutsika, ndipo zimabwereza pakatha ma millisecond 20 aliwonse, ndiye ka 50 pa sekondi, 50 Hz imene mumaimva ija. Kutalika kwa kanthawi kameneko ndi komwe servo imawerenga basi. 1500 microseconds (ma microsecond 1000 ndi millisecond imodzi) ndi pakati, kufupikitsa ipita mbali ina, kutalikitsa ipita mbali inayo. Pamapepala ambiri ofotokoza ma servo amalemba kuti 1000 mpaka 2000, koma library ya Servo ya Arduino mukangolemba attach(9) osaonjezera kanthu imagwiritsa 544 mpaka 2400. Werengetserani nokha: 2400 kuchotsa 544 ndi 1856, kugawa ndi 180, digiri imodzi ndi ma microsecond 10 ndi kanyenyeswa. Ndipo write(90) siyitulutsa 1500, imatulutsa 1472. Manambala awiriwa, 10 ndi 1472, asungeni mmutu chifukwa tiwafuna kutsogoloku.

Chimene ine ndimalimbikira kwa aliyense ndi chakuti musamayang'ane kamkono ka servo kakuzungulira pa sikirini nkumati zatheka. Kamkono kaja ndi chithunzi chabe, amene analemba simulator ndi amene anasankha kuti pulse yakuti ioneke ngati madigiri akuti, ndipo aliyense anasankha zake. Yezani pulse yeniyeniyo, manambala ake. Nde funso loyamba pa simulator iliyonse ndi loti, ili ndi choyezera chanji ndipo chimaona mwakuya bwanji.

Wokwi

Iyi nde imene ndimayambira ine nkhani ikakhala ya timing. Imayenda mu bulawuza, simudawuniloda kanthu, ili ndi mabolodi a Uno, Mega, Nano, ESP32 ndi Raspberry Pi Pico. Chimene chimandikoka ndi logic analyzer yake ya ma channel 8, chida cholemba nthawi imene pini yakwera ndi imene yatsika. Mumaiwonjezera pa diagram ngati chipangizo china chilichonse, D0 mulumikize pa pini yomwe ikupita ku servo, GND pa GND, muyatse simulation kwa masekondi angapo, mukangoimitsa imakupatsani fayilo ya VCD. Fayiloyo muitsegule mu PulseView kapena GTKWave, onse ndi aulere. Mu PulseView muli decoder ya PWM (dzina la signal ya ma pulse yotereyi), mukaiyika pa channel ija imakulemberani pamwamba pa pulse iliyonse period yake (nthawi yochoka pa pulse ina kufika pa inzake) ndi duty cycle (gawo la nthawiyo limene pini ili yokwera), nde 1500 pa 20000, amene ndi 20 ms aja, muone 7.5%, ndipo mukafuna ma microsecond enieni mungokoka ma cursor awiri aja, wina poyambira wina pothera. Kachinthu kamodzi, analyzer ya Wokwi imalemba mpaka ma nanosecond, nde potsegula fayilo ikani downsampling ya 50, mukapanda kutero laputopu yofooka ivutika.

Chifukwa chimene ndimaikhulupirira pa Uno ndi chakuti imayendetsa code yanu yokompailidwa, malangizo a ATmega328P (chip ya pa Uno) amodziamodzi, ma timer ndi ma interrupt (zizindikiro zodukiza chip kuti ichite kaye ntchito ina yachangu) omwe, nde zolakwika za timing zomwe zili mu code zimatulukira poyera. Tiyeni ndipereke chitsanzo chimene chimasautsa anthu ambiri. Library ya Servo pa Uno imagwiritsa Timer1, interrupt ikabwera imakweza pini, ina ikabwera imatsitsa. Tsono pakhale library ina imene imatseka ma interrupt kwa kanthawi, pulse ija imachedwa kutsika. Library ya Adafruit NeoPixel, yoyendetsera ma LED amitundumitundu, imatseka ma interrupt nthawi yonse imene show() ikutumiza, ndipo LED imodzi imatenga pafupifupi ma microsecond 30, nde ma LED 60 ndi 1800. SoftwareSerial, library yotumizira data pa mapini wamba, nayo pa liwiro la 9600 imatseka kwa millisecond imodzi ndi pang'ono pa byte iliyonse. Kumbukirani digiri imodzi ndi 10 chabe. Zikakumana, pulse ya 1472 itha kufika 2400 kapena kupyola, servo nkudumpha kamodzi nkubwerera, inu nkumati waya wamasuka. Mu PulseView mumaziona ndi maso, ma pulse makumi angapo ofanana ndendende kenako imodzi yonenepa pakati, ndipo mukalumikiza D1 pa pini ya NeoPixel muona kuti yonenepayo yagwera pomwe LED zimalandira data. Apa palibenso zolota, umboni uli pa sikirini.

Mukayika ma servo awiri kapena atatu muonanso china chosangalatsa, ma pulse awo sayambira limodzi, amatsatana, ya servo yoyamba ikatsika ya yachiwiri nkukwera. Uno imalola mpaka 12, koma 12 kuchulukitsa ndi 2400 ndi ma millisecond 28.8, nde onse akakhala kumapeto period imatanuka kupitirira 20 ija.

Pomwe Wokwi imafookera ndi pa magetsi. Servo yake siyikoka current yomwe ingagwetse bolodi, siyilemedwa ndi katundu, ilibe magiya otha mano. Chinanso imafuna intaneti poti kukompaila kumachitikira pa ma server awo, pa akaunti yaulere nthawi zina umadikirako pamzere, nde ngati bandulo ili yowerengera kapena netiweki ikudukaduka zimatopetsa ndithu. Komanso musadandaule mukaona simulation ikuyenda pang'onopang'ono pa kompyuta yakale, nthawi ya mu fayilo ija ndi nthawi ya mkati mwa simulator, osati ya wotchi yanu, manambala amakhala olondola ndithu. Ichi nchifukwa china chosayezera ndi maso kapena stopwatch ya pafoni.

Tinkercad Circuits

Iyi ndi ya Autodesk, nayo ya mu bulawuza, imafuna akaunti. Kwa munthu amene akuyamba kumene, kapena mphunzitsi amene ali ndi kalasi, ndi yokoma kwambiri chifukwa breadboard ndi mawaya zimaoneka ngati zenizeni, muli multimeter, muli oscilloscope, ndipo mukalumikiza LED popanda resistor imakuchenjezani. Oscilloscope yakeyo muiike time per division pa 2 ms kapena 5 ms, muona ma pulse akubwera motalikirana bwino, nde ngati funso lanu ndi loti kodi pa pini pakutuluka 50 Hz kapena ayi, ikuyankhani pompo.

Funso limeneli si lachibwana ayi. Alipo ambiri amayendetsa servo ndi analogWrite poti anamva kuti zonse ndi PWM. Pa Uno analogWrite imatulutsa pafupifupi 490 Hz pa mapini 3, 9, 10 ndi 11, ndi 980 Hz pa 5 ndi 6, nde period yonse ndi ma millisecond 2 kapena imodzi chabe mmalo mwa 20. Nthawi zina servo imasuntha ndithu munthu nkuona ngati zatheka, koma imalira nkumatentha. Pa oscilloscope ya Tinkercad kusiyana kwake kumaonekera patali, mizere yothinana mmalo mwa timapulse tapatalipatali. Chimodzimodzinso nkhani ija yoti mukangoyika attach(), analogWrite pa mapini 9 ndi 10 imasiya kugwira ngakhale servo ili pa pini ina, poti Timer1 yatengedwa. Amene akupanga kagalimoto ka L298N (kabolodi koyendetsera ma mota) nkuyika ENA, pini yake ya liwiro, pa 9 kapena 10 amadabwa tayala limodzi laima, sunthirani pa 5 ndi 6 basi.

Ilinso ndi debugger yosavuta, mumadina nambala ya mzere simulation nkuima pamenepo, nkuona zomwe zili mu ma variable. Imathandiza pa zolakwika za map() kapena int yosefukira. Koma pa kuyeza kwenikweni, kusiyanitsa 1472 ndi 1500, kapena kugwira pulse imodzi yolakwika pakati pa mazana, kasikirini kaja nkochepa, simungabwerere mmbuyo kukafufuza ngati mmene mumachitira ndi fayilo ya VCD. Ndipo dziwani ichi, mukagwiritsa ma block, code imene Tinkercad imakulemberani imati attach(9, 500, 2500), osati 544 ndi 2400. Nde mukakopera code ya kwina yopanda manambala awiri aja, kamkono kathakuima mopendekeka pang'ono kumapeto, si vuto la code yanu. Choopsa ndi kwinako, kutenga 500 ndi 2500 kupita nazo pa servo yeniyeni osayesa kaye, ma servo ena safika kumeneko, amagunda chotchinga chamkati nkumakankha khoma.

SimulIDE

Iyi anthu saikamba kwambiri koma kwa ife amene intaneti siyodalirika ndi yofunika zedi. Ndi pulogalamu yaulere, open source, mumadawuniloda kamodzi nkumagwiritsa popanda netiweki, pa Windows kapena Linux, ndipo ndiyopepuka moti laputopu yakale imaikwanitsa, magetsi akazima batire likadalipo ntchito ikupitirira. Ili ndi ma AVR, ma PIC, mabolodi a Arduino, servo, oscilloscope ndi logic analyzer mkati momwemo, nde mumaona pulse ikutanuka nthawi yomweyo pamene mukupotokola potentiometer, osadikira kuimitsa simulation. Code mumakompaila mu Arduino IDE, Sketch kenako Export Compiled Binary, fayilo ya hex muilowetse mu chip podina kumanja. Maonekedwe ake si okongola ngati Tinkercad ndipo tsiku loyamba mufufuza kuti chakuti chili pati, koma mukazolowera mumayenda mwachangu.

Chimene muyenera kusamala apa, komanso mu Proteus, ndi liwiro la clock mukagwiritsa chip chokha osati bolodi yonse. Code ya Uno imakompailidwa poganiza kuti chip chikuthamanga pa 16 MHz. Mu simulator chikakhala pa 8 MHz zonse zimatalika kawiri, 1500 imakhala 3000, period 40 ms. ATmega328P yatsopano kuchokera ku fakitale imayenda pa 1 MHz, poti oscillator yamkati ya 8 MHz imagawidwa ndi 8 kudzera pa fuse ya CKDIV8, nde pamenepo zonse zimatalika ka 16. Nde mukaona muyeso wanu walakwika ndendende kawiri, ka 8 kapena ka 16, musagwire code, pitani ku clock.

Proteus

Ndi ya Labcenter Electronics a ku England, yogula ndipo siyotchipa, ya Windows. Amene anaphunzira zamagetsi ku koleji ambiri anakumana nayo. Ma instrument ake ndi abwino, oscilloscope ya ma channel anayi yokhala ndi ma cursor, ndipo imatsanzira mbali ya analog mozama kuposa Wokwi, nde ngati mukupanga bolodi yanuyanu yokhala ndi regulator ndi ma transistor kenako nkujambula PCB, ili ndi malo ake. Koma kugula Proteus chifukwa cha servo imodzi, ayi, sindingalangize.

Ndaitchula makamaka chifukwa cha msampha umodzi umene umasonyeza bwino zomwe ndimanena za kamkono zija. Servo yake, MOTOR-PWMSERVO, imabwera itaikidwa kuti pulse yaing'ono ndi 1 ms, yaikulu 2 ms, ndipo madigiri akuchokera pa -90 kufika +90. Tsono muyendetse Sweep, chitsanzo cha Arduino choyendetsa servo kuchoka 0 kufika 180 nkubwerera, pa 544 mpaka 2400 paja. Kuyambira write(0) mpaka cha mma 44 servo yangoti duu pa -90, kenako iyamba kuthamanga kuposa mmene mukuyembekezera, ikafika cha pa write(141) yaima kale pa +90, ndipo write(90) ikuonetsa cha mma -5 mmalo mwa 0 chifukwa cha 1472 uja. Munthu ungathe usiku wonse kusaka cholakwika mu for loop chikhalirecho code ilibe banga. Tsegulani properties za servoyo musinthe manambala agwirizane ndi library, kapena mu code mulembe attach(9, 1000, 2000), zithera pomwepo.

Nanga ESP32 ndi Pico?

Apa chisankho nchachifupi, pa zinayi izi Wokwi ndi imene ndingakutumizeniko. Pa ESP32 anthu amagwiritsa library ya ESP32Servo imene imadalira LEDC, gawo la chip lopanga PWM, pulse imapangidwa ndi hardware nde nkhani ya ma interrupt ija siyivuta chimodzimodzi. Pa Pico ndi MicroPython mumati freq(50) kenako duty_ns(1500000), kapena duty_u16(4915) poti 7.5% ya 65535 ndi pamenepo. Cholakwika chofala ndi kuiwala freq(50), analyzer ikuonetsani mu sekondi imodzi.

Pali cholakwika china chimene simulator iliyonse ingakubisireni mukamangoyang'ana chithunzi, kusapereka nthawi yoti servo ifike. SG90 pa pepala lake imatenga 0.1 sekondi pa madigiri 60 ilibe katundu, nde kuchoka 0 kufika 180 ndi 0.3 sekondi, ikanyamula kanthu kuposa apo. Mukalemba write(0) kenako write(180) kenako write(0) popanda kudikira, pulse imatuluka kamodzi pa 20 ms, nde malamulo ena safika nkomwe ku servo. Nchifukwa chake chitsanzo cha Sweep chili ndi delay(15) pa digiri iliyonse. Ngati simukufuna delay gwiritsani millis(), iyo ili pa Timer0 siyilimbana ndi Servo.

Zomwe zimafuna servo yeniyeni patebulo

Tinene kuti mu Wokwi ma pulse ali oyera, 20 ms ndendende, palibe yonenepa, koma patebulo servo ikuvutabe. Apa nde simulator yamaliza ntchito yake, yakuuzani kuti code siyolakwa, ndipo chotsala kawirikawiri ndi magetsi. Uno ili ndi fuse ya 500 mA pa USB, SG90 ikamayamba kusuntha kapena ikakanirira imakoka mazana angapo a mA, ndipo MG996R yamagiya achitsulo ija ikakanirira imafika 2.5 A. Voltage imagwa, chip nkuyambiranso. Kuyesa kwake nkosavuta, mu setup() lembani Serial.println("ndayamba") nkutsegula Serial Monitor, mukaona mawuwo akubwerabwera nthawi iliyonse servo ikasuntha dziwani kuti bolodi ikuzima nkuyaka. Ipatseni servo magetsi akeake, mabatire anayi a AA kapena chaja ya foni ya 5V 2A, GND ya magetsiwo ilumikizane ndi GND ya Arduino, ichi musaiwale chonde poti popanda GND imodzi pulse ilibe poyezera ndipo servo imangopenga, kenako kapasita ya 470 µF pafupi ndi servo.

Malire enieni a servo yanu nawonso muwapeza ndi khutu ndi chala. Gwiritsani writeMicroseconds, yambani pa 1500, muzitsika ndi 50, mukamva yayamba kulira koma kamkono sikakusunthanso, gwirani thupi lake mumva kunthunthumira, bwererani 50 nkulemba nambalayo. Chitaninso mbali inayo. Manambala awiriwo ndi amene mukayike mu attach(). Ma SG90 awiri ogula pa shopu imodzi atha kukupatsani manambala osiyana, nde iliyonse muiyese payokha. Ngati yanu ndi yozungulira osaima ngati FS90R, 1500 ndi poimira, nde write(90) ndi 1472 wake uja itha kumakwawa pang'onopang'ono, gwiritsani writeMicroseconds kapena potokolani kasikuluwu kake kosinthira.

Kuyeza pulse pa bolodi yeniyeni kuli ndi njira zitatu malinga ndi thumba. Yabwino ndi ka logic analyzer ka USB kotchipa ka 24 MHz ma channel 8, kamagwira ndi PulseView yomweyo, nde zomwe munaphunzira pa fayilo ya Wokwi mukuzigwiritsa chimodzimodzi ndipo mutha kuyika zithunzi ziwiri pambalipambali. Ngati muli ndi Arduino yachiwiri, pulseIn(pin, HIGH) ikupatsani ma microsecond pa Serial Monitor, bola GND zilumikizane, imaphonya ndi ma microsecond ochepa koma pulse yodumpha ndi mazana muigwira. Ngati muli ndi multimeter yokha musataye mtima, iikeni pa DC pakati pa signal ndi GND, imawerenga avereji: 1000 pa 20000 ya 5V ndi 0.25 V, 1500 ndi cha mma 0.375 V, 2000 ndi 0.5 V. Kunjenjemera siyingakuonetseni, koma ikuuzani ngati pulse ilipo komanso ngati ikusintha mukailamula, ndipo mukaona 2.5 V dziwani kuti penapake pali analogWrite.

Mukapeza kuti vuto ndi NeoPixel kapena SoftwareSerial ndipo simungazichotse, kapena ma servo achuluka, njira yodalirika ndi kabolodi ka PCA9685, ma channel 16 pa I2C (njira yolumikizira ya mawaya awiri a signal), adilesi 0x40, pulse kamapanga kokha osadalira ma interrupt a Arduino. Kamagawa period mu zigawo 4096, pa 50 Hz chigawo chimodzi ndi 4.88 microseconds nde 1500 ndi cha pa 307. Koma oscillator yake yamkati, imene pa pepala ndi 25 MHz, siyifanana pa chip chilichonse, nchifukwa chake mu chitsanzo cha Adafruit muli mzere wa setOscillatorFrequency(27000000). Nambala imeneyo musangoikopera, ikani analyzer pa channel imodzi, muziisintha pang'onopang'ono mpaka period iwerenge 20 ms, ndipo ngati muli ndi timabolodi tiwiri kalikonse mukayeze pakokha.